Dziwe la makumba kuseri kwa nyumba

Lolemba

Apongozi akana nyemba kachitatu lero. Ndi bambo ake a Rozalina, mkazi wanga, msodzi wa moyo wake wonse. Nkhondo inawathamangitsa kwawo kunyanja, ndiye tili nawo kuno ku Namacula, mu Lichinga, miyezi itatu tsopano. Nyemba sadya, mbatata ya kachewere amangoiyang'ana. Lamba aboolanso pena.

Phukusi amanga kale. Akuti Lolemba likudzali akwera koluna, mndandanda wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kubwerera kwawo, msewu womwewo umene magalimoto akutenthedwa. Rozalina akulirira kukhitchini. Ine ndili ndi mantha, sindibisa.

Koma ndine munthu wa sukulu. Ngati vuto ndi nsomba, nsomba tiweta konkuno. Dalaivala wina wa koluna wandibweretsera tiana ta makumba khumi ndi tiwiri m'chitini. Pano tili m'beseni lochapira.

Chatsala n'chimodzi: dziwe likumbidwe padzuwa kapena pamthunzi wa mtengo wa mapeyala?

Padzuwa: madzi afunda, komanso auma.
Pamthunzi: sauma, koma kuno ndi ku Lichinga, kumapiri kozizira, ndipo mwezi uno ndi Juni.
Rozalina: akufuna beseni lake.

Lachiwiri

Ku ofesi ndapeza buku la zamaluwa lomwe Apwitikizi anasiya m'kabati. Likuti dziwe liziona dzuwa maola asanu ndi limodzi, kenako mthunzi. Nsomba za pachithunzi n'zofiira ndipo zikuoneka kuti sizidyedwa, koma nsomba ndi nsomba.

Ndazika timitengo m'mphepete mwa mthunzi m'mawa. Pobwera masana, mthunzi wachokapo. Ndazikanso. Madzulo wachokaponso! Munthu angagwire bwanji ntchito ndi chinthu chosakhazikika chotere?

Dona Amina, oyandikana nawo nyumba, pamwamba pa mpanda: "Padzuwa, vizinyu, aneba anga. Bakha wanga aliyense amakonda padzuwa."
Rozalina: "Bwanji osafunsa ababa?"

Kufunsa apongozi! Mkamwini wa ku ofesi, buku lili m'manja? Ndiponso dziwe n'loti ndiwadzidzimutse nalo. Iwo akhala pampando wawo pakhonde lakuseri, bulangete m'mapewa, akuonerera zonse.

Nsomba ziwiri zagona chagada. Zatsala khumi.

Lachitatu

Ndasankha: pamthunzi. Mwamuna sazengereza.

Mizu. Mizu inanso. Matuza anayi m'manja, khasu laguluka kawiri. Pofika madzulo dzenje lafika m'chiuno, ndipo ndikalipenya ndikunyada.

Ndiye atulukira a shefi a nyumba khumi zathu zino, aja oyenda ndi wezulo m'khosi. Azungulira dzenje kawiri, ayang'ana masamba pamwamba.

"Kamarada, mwatitsogolera. Abrigu yeniyeni! Pansi pa mtengo, mdani sangaione."

Abrigu ndi dzenje lobisalamo zipolopolo zikayamba. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene za makumba, koma iwo andigwira kale chanza. Masiku ano munthu sukana kuti unaganizira anthu.

Zatsala zisanu ndi zitatu. Apongozi amwa tiyi wopanda shuga basi.

Lachinayi

Ndasankhanso: padzuwa. Kunena zoona, mtima wanga unali komweko kuyambira kale.

Ndikukumba pakati pa bwalo, pamene Rozalina amayanika zovala. Sakundiyankhula.

Chakumadzulo wezulo! Kuyeserera kuthawa zipolopolo. Nyumba khumi zonse zathamangira kuseri kwanga, kudumpha mpanda mpaka kuugwetsa, kuponda mpiru. Alowa m'dziwe langa loyamba:
a shefi,
Dona Amina ndi bakha kukhwapa,
aphunzitsi a katekisimu,
amayi ena amene sindinawaonepo, ndi mphika wawo.

Ine sindinakwanemo. A shefi akuti ndikulitse.

Apongozi sanasunthe pampando. "Ine zenizeni ndinaziona," atero, osayang'ana munthu.

Zatsala zisanu ndi imodzi.

Lachisanu

Mpopi wauma kuyambira Pasaka. Madzi ndi a kuchitsime, pamzere. Rozalina wasenza ndowa zisanu ndi zinayi, ine ziwiri, popeza wina ayenera kuyang'anira ntchito.

Dothi lamwa zonse. Ndaima n'kumaonerera madzi akutsika, mpaka pansi pangotsala thope lofiira ndi chule mmodzi, amene sindikudziwa kuti wachokera kuti.

Buku likuti simenti. Simenti ndinaiona komaliza chaka cha ufulu. Ndamata dongo, dzuwa laling'amba. Ndamatanso. Pamthunzi silikanang'ambika, koma pamthunzi pakhala kale ana a eni ake akusewera nkhondo.

Rozalina: "Ababa afunsa kuti koluna inyamuka nthawi yanji."

Zisanu. Mwezi uli m'beseni, nsomba zaunjikana pakona, sizikugwedeza ndi mchira womwe.

Loweruka

Madzi akhala! Ofika m'kakolo, koma akhala. Ndathiramo nsomba zisanu zija ndi manja angaanga. Dzuwa likuwala bwino. Ndatsala pang'ono kulira.

Wezulo. Lero ndi ntchito yodzipereka, kusesa msewu wa ku msika. Wotsogolera anthu pa za abrigu sangajombe, atero a shefi, ndipo andipatsa tsache lalikulu.

Pobwera masana ndapeza abakha a Dona Amina, onse asanu ndi awiri, ali m'dziwe. Amakondadi padzuwa. Mpanda unagwa Lachinayi uja sindinaukonze.

Ndafufuza m'thope ndi sefa. Ziwiri. Zabwerera m'beseni.

Ndafunsa Rozalina kuti kodi ababa sanaone abakha akulowa? Akuti anaona. Nanga bwanji sanawapirikitse? Akuti anati dziwe si lawo, palibe anawauza kuti kuli dziwe.

Lamulungu

Sindinapite ku Misa. Msana.

M'bwalo muli maenje awiri. Lina ndi la anthu, lina la abakha. Nsomba ziwiri zija zafa m'mawa, mwaulemu, m'beseni momwe.

Apongozi adzuka pampando. Azitola, azitumbula ndi chikhadabo, mchere pang'ono, pamakala. Iliyonse ngati chala changa. Adya pang'onopang'ono, mitu yomwe. Kenako akoka mbale ya nyemba n'kumaliza. Apempha mbatata. Ife tangoti kukamwa yasa.

Atasamba m'manja aitana Rozalina, koma mawu akweza kuti afike pamene ndagona ine.

"Mwanangu, makumba a kunyanja pa chisanu cha phiri lino sakhala, kaya padzuwa kaya pamthunzi. Mwana wa zaka zisanu kwathu akudziwa. Amuna akowa sabata yathunthu akuthamangitsana ndi mthunzi, msodzi ali pakhonde. Masula phukusi lija. Ine ndikapita, udzafa ndi njala m'manja mwa munthu ameneyu."

Rozalina waseka mpaka misozi, koyamba chibwerere bambo ake.

Choncho koluna ya mawa ipita popanda iwo. Ndimafuna zomwezo, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Kungoti ndimayesa adzatsala chifukwa cha nzeru zanga.

Akuti mawa andiphunzitsa kugwira khasu.