Tsiku limene ndinafufuta a Banda a ku Chadiza

Ndinene poyambirira kuti pulogalamu yanga sinalakwe. Inachita ndendende zimene ndinaiuza. Zoti anthu anakhala padzuwa tsiku lonse akundiyang'ana ngati mfiti, imeneyo ndi nkhani ina.

Ndimagwira ntchito ku kabungwe ka alimi pa boma pa Chadiza. Ine ndiye woyang'anira seva, kompyuta yaikulu imene imasunga mayina a alimi onse olandira mbewu ya nshawa, mtedza uja. Nditangoyamba ntchito ndinapeza zambiri zikuchitika pamanja, ndipo ndinalumbira kuti zimenezo zitha. Ndinakonza kuti chilichonse chimene ndalemba pa laputopu yanga chizipita chokha ku seva, osadikira munthu. Ndinakonzanso kuti masana alionse seva izikopera yokha mayina onse n'kufufuta kope ladzulo, kuti malo asathe. (Mlungu umenewo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, sindibisa.)

Tsiku lina abwana anga, a Mayi Tembo, anadandaula kuti alimi ena analembedwa kawiri. Ndinawauza kuti imeneyo ndi ntchito ya mphindi zisanu. Ndinalemba kalamulo kakafupi: dzina likaoneka kawiri, siya limodzi, enawo fufuta. Ndinadina batani n'kupita kumsika kukagula zitumbuwa. Kuyesa kaye pambali sindinayese. (Munthu amayesa chinthu chimene akuchikayikira.)

Chimene kompyuta sidziwa n'chakuti kuno ukaitana a Banda pamsika, theka la msika limatembenuka. Kudera la Mlolo kokha kuli a Yosefe Banda angapo, aliyense ndi munda wake ndi banja lake. Pulogalamu inasiya mmodzi.

Patapita masiku awiri linafika tsiku logawa mbewu. Alimi anabwera panjinga kuchokera ku Mlolo ndi ku Pembamoyo, mvula yoyamba itagwa kale, aliyense mtima uli kumunda. Yosefe Banda woyamba analandira thumba lake bwinobwino. Wachiwiri anali amalume anga enieni, obadwa mimba imodzi ndi amayi. Ndinafufuza, ndinafufuzanso, kenako ndinawauza mwaulemu kuti kompyuta ikuti alandira kale.

"Iwe mwana wa mlongo wanga," anatero motsitsa mawu, "ndapalasa njinga mtunda wonsewu kuti udzanditche wakuba pagulu?"

Kumbuyo kwawo kunali a Phiri anayi ndi a Zulu awiri amene kompyuta inawakananso. Ndinathamangira kope losunga lija. Seva, mokhulupirika, inali itakopera kale mndandanda wowonongekawo kawiri konse, wabwino uja n'kuutaya, monga ndinailamulira.

A Mayi Tembo sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa. Anatsegula kabati, natulutsa buku lakale la mayina limene ine ndinkati ndi chakudya cha chiswe. Anakhala pakhonde n'kumaitana mmodzimmodzi, dzina ndi mudzi, mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense analandira mbewu yake, koma tsiku lodzala linali litapita. Atatha anandipatsa bukulo ndi manja awiri.

"Bambo a makompyuta, mulembanso anthu onsewa m'kompyutamo ndi zala zanu. Akasowa mmodzi, musowa naye limodzi."

Ndinalemba masiku anayi, dzina, mudzi ndi nambala ya chitupa, mpaka zala kuuma. Loweruka ndinapita ku Mlolo kukathandiza amalume kudzala nshawa, iwo akuuza aliyense wodutsa kuti uyu ndiye anawapha m'kompyuta.

Komabe ine ndikukana. Mlandu ndi wa makolo amene amapatsa ana mayina ofanana ngati ena anatha. Makina odzichitira zinthu okha sindiwasiya, zivute zitani.

Abwana analamula kuti seva izindifunsa katatu ngati ndatsimikiza isanafufute kanthu. Ndinamvera, ndinakonza. Kungoti kuyankha katatu tsiku lililonse kumatopetsa, ndiye ndalemba kapulogalamu kena kondiyankhira kuti inde.