A Zalaziwiri ndi Thumba Lawo la Mchenga

A Zalaziwiri anali mwana wa ometa aja, amene ankameta aliyense mofanana ngakhale uwachonderere bwanji. Mayi awo ankachapira anthu zovala. A Zalaziwiriwo asiya ana atatu: namwino, dalaivala wa basi, ndi chitsirizira, mtsikana wotsimphina amene amagulitsa mankhwala. Ntchito yawo inali kusoka nsapato ndi zikwama pakhonde la sitolo ya zitsulo, koma palibe amawakumbukira chifukwa cha nsapato. Bambowa sankalola munthu wobereka mwana kumsana kudutsa asanamuyeze malamba.

Ukangotulukira, nyundo pansi. "Taimani kaye." Zala ziwiri n'kulowetsa pakati pa lamba ndi phewa lako, osapempha. Zikalowa zitatu, unali mlandu. Anaimitsapo wapolisi. Anaimitsapo mayi wothamangira basi, basiyo n'kumusiya.

"Basi ibwera ina," anatero. "Koma mwana wina mudikira miyezi isanu ndi inayi."

Anthu ankaseka. Inenso ndinkaseka, mpaka anafika pa ine.

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito tsiku lonse, ndiye mdzukulu wanga amaswera ndi ine. Timamutcha Bwana. Nthawiyo anali ndi chaka ndi miyezi khumi, wathanzi, wanzeru ngati akuchimuna kwake kulibe. Koma msana unayamba kundivuta. Timakhala m'nyumba yosanja, ndipo tsiku lina mkamwini anandipeza nditakhala pa masitepe, mwana ali pansalu, ndikulephera kudzuka. Madzulo ake ananena mwaulemu wake wonyansa uja kuti Bwana akakhale kwa mayi ake a iyeyo, ulendo wa tsiku lathunthu. Mayi amene amathira shuga m'madzi a mwana! Ndikanamuona kawiri pachaka.

Mwana wanga anagula mbereko yakusitolo, ya malamba ambirimbiri ndi zotsekera zapulasitiki. "Amayi, yesani iyi mwezi umodzi. Msana ukapanda kusintha, sindingathenso kukuikirani kumbuyo."

Ine ndalera ana asanu ndi mmodzi pamsana pangapa, sindinafune kuwerenga kapepala. Lamba wamkulu wa mberekoyo ndinamanga pachifuwa, pomwe ndimamanga nsalu. Mwana analendewera mpaka kumatako, msana n'kumayaka moto. Ndinakukuta mano, ulendo kumsika.

"Taimani kaye, agogo."

"Musayerekeze."

Anayerekeza. Zinalowa zala zonse, ndi chigongono chomwe chikanalowa.

"Kodi mwanayu mwamubereka kapena mukumukoka? Lamba uyu ndi wa m'chiuno. Thumba la simenti ngati ili simungalikoleke pamapewa."

Thumba la simenti. Mdzukulu wanga, pamaso pa ogulitsa matimati onse.

"Sokani nsapato, bambo inu," ndinatero. "Ine ndinayamba kubereka ana inu mukuyamwa chala."

"N'chifukwa chake msana unatha," anatero, n'kutola nyundo yawo.

Masiku atatu ndinazungulira njira yakutali. Lachinayi lake ndinalephera kuwerama kuti ndivale nsapato. Ndinapita pakhonde paja, ndipo ndikufuna zidziwike kuti ndinapititsa nsapato yothyoka chidendene, basi. Mbereko inangopezeka m'chikwama.

A Zalaziwiri anaiona mbereko ija. Anasuzumira pansi pa tebulo n'kutulutsa Mphwanga. Mphwanga linali thumba la mchenga la makilo khumi ndi awiri, analisokera miyendo, chipewa chaulusi kumutu, masokosi osiyana. "Mwana weniweni sitiphunzirirapo," anatero. "Bwana akhale apa adye nthochi."

Ine, mayi wa msinkhu wanga, kubereka mchenga pamsewu.

"Lamba pamwamba pa mafupa a m'chiuno. Kokani. Kokaninso, simukupita ku ukwati. Mwana pambali, weramani, mutembenuzireni kumsana, dzanja limodzi lisachoke pa iye."

Mphwanga anagwa, phi.

"Mwamupha."

Kachiwiri anagwa chamutu. Kachitatu ndinamuponya dala.

"Maliro atatu m'mawa umodzi, agogo. Mutoleni."

Wa matimati anaseka mpaka kukhala pa katundu wake. Mpaka lero sindigula kwa iye.

Kachisanu zinatheka. Kenako tinakweza Bwana weniweni, mawondo m'mwamba, kalamba ka pachifuwa kotseka, mpweya wake ndikuumva pakhosi. Ndinaimirira n'kudikira moto uja. Sunabwere. Kulemera konse kunatsikira m'chiuno. A Zalaziwiri anasokeranso kasiponji pomwe lamba ankandidya, analowetsa zala: ziwiri ndendende.

Mwezi utatha ndinakwera masitepe onse, Bwana kumsana, mafuta ophikira kumanja, mkamwini ataima pamwamba. Sindinapume. Ndinamudutsa n'kumufunsa ngati akufuna ndimuberekenso iyeyo. Nkhani yopititsa mwana inathera pomwepo.

Mawa lake ndinafunsa za malipiro.

"Chikwama chanu sungani. Mungonena pompano, anthu akumva, kuti: a Zalaziwiri, ine ndinalakwitsa."

"Muyambe ndinu kupepesa kwa mdzukulu wanga."

"Ndipepese chiyani? Simenti ndi chinthu chodula."

Miyezi isanu ndi iwiri, m'mawa uliwonse. "Agogo, mawu anga aja?" "Bambo, chipepeso chija?" Zala pa lamba, ine maso kumbali. Bwana, wosakhulupirika, ankawatambasulira manja, ndipo liwu lake loyamba lomveka bwino linali lakuti "imani".

Ndiye munthuyu n'kudwala osauza aliyense, masiku anayi m'chipatala, n'kupita. Ndimomwe analili, kuchoka nkhani isanathe kuti mawu omaliza akhale awo.

Patapita sabata, mtsikana wotsimphina uja anagogoda kwathu atanyamula Mphwanga. Anakwera nalo masitepe onsewo ndi mwendo wakewo.

"Ababa anati likhale kwa inu. Akuti ndinu amene munavutitsa kwambiri, ndiye simungaiwale."

Ndinati ndiyankhe zowawa, koma anapitiriza. Ali ndi zaka ziwiri, mayi ake atagonekedwa m'chipatala, bambo ake anamubereka mofulumira akuthamangira kukawaona. Anamanga mosakhwimitsa. Mwanayo anapulumuka kumsana n'kugwera pa masitepe ngati athuwa.

"Sanalankhulepo za tsikulo," anatero. "Ankangoimitsa anthu."

Pakhonde paja pano pali mnyamata wokonza mafoni, sakweza n'komwe mutu. Ana akudutsa atalendewera ngati zovala pachingwe, mitu ikugwedezeka, palibe wonena kanthu. Dzulo ndinalephera kupirira. Bambo wina wa tayi, mwana ali kumatako. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Taimani kaye." Zinalowa zala zinayi. Anandiuza kuti ndisamale zanga, ndipo ndinamuuza kuti mawa abwere kunyumba akaonane ndi Mphwanga.

Thumbalo lili pampando pafupi ndi khomo, chipewa chili chopendekeka. Ndikamamanga lamba m'mawa limandiyang'ana ngati likudikira. Lidikire. Mdzukulu wanga sanalandirebe chipepeso chake, ndipo ine ndinanena kuti ayambe ndi iwo.