Mmene Ndinasamutsira Apongozi ku Zambia

Sindikonda nkhani zokokomeza, choncho iyi ndiifotokoza mmene inachitikira, ngakhale kuti imandichititsa manyazi mpaka lero.

M'zaka za m'ma 1970 ndinali kalaliki mu ofesi yoona za malo pa boma la Mchinji. Kunabwera pulani yakuti tawuni ikhale ndi polekezera, isamangotambalala n'kumadya minda. Kunja kwa malirewo kukhale mitengo kuzungulira, ndipo pasamangidwenso nyumba yatsopano. Ine zimenezi ndinali nditaziwerenga kale m'mabuku, moti pulaniyo ndinaikonda kuposa amene anaijambula. Ntchito yozika miyala ya malire anandipatsa ine.

Miyalayo inali ya simenti, yopakidwa laimu, yofanana ndithu ndi ija ya kubodala la Zambia. Mzere wa pamapu unadutsa m'mudzi wa kwawo kwa mkazi wanga, kumene ndinkakhala pachikamwini, ndipo nyumba ya apongozi anga aakazi inatsala kunja. Mwala umodzi unagwera pabwalo pawo penipeni. Ndinauzika pomwepo osasuntha ngakhale phazi limodzi, n'kumadzitama mumtima kuti ntchito ya boma ilibe chibale.

Vuto linali limodzi. Mkamwini salankhulana ndi apongozi ake maso ndi maso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira patchire. Choncho ndinatuma mkazi wanga Naphiri kuti akafotokoze. Ndinamulongosolera ola lathunthu za mizinda ya kunja ndi ubwino wa mpweya wa mitengo. Iye anakangonena kuti nyumba yawo tsopano ili kunja kwa malire, ndipo wazika mwalawo ndi ine.

Ku Mchinji, kuseri kwa mwala woyera kumakhala dziko limodzi lokha. Apongozi anatsimikiza kuti ndawaika ku Zambia. Ndinatumizanso uthenga wakuti si choncho. Yankho linabwera lakuti mkamwini asade nkhawa, ku Zambiako ali ndi abale ambiri. Ndinaseka n'kuzisiya.

Loweruka apongozi anapita kumsika. Pachipata anyamata a chipani anawafunsa khadi la chipanicho, monga ankachitira ndi aliyense masiku amenewo. Mayiwo anayankha mwaulemu kuti iwo ndi a ku Zambia tsopano, ndipo wawasamutsa ndi mkamwini wawo wogwira ntchito ku boma. Anawalozera ndi ofesi yomwe.

Lolemba atcheyamani a chipani anandipeza pa desiki. Anandifunsa motsitsa mawu kuti ndani anandipatsa mphamvu zogawira anthu ena dziko la Malawi. Nthawi imeneyo anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa chimenechi. Ndinatambasula mapu, koma iwo sanawayang'ane n'komwe. Anati nkhaniyi itha pokhapokha mayiwo anene ndi pakamwa pawo kuti ndi a kuno.

Tinapita kumudzi. Apongozi anakakhala kuseri kwa nkhokwe, ine ndinagwada mbali ino, atcheyamani pampando cha pakati. Ndinayamba kulankhula ndi nkhokweyo. Ndinati Zambia ikadali komwe inali, nyumba yawo palibe woikhudza, mwalawo ukungoletsa kumanga zatsopano chifukwa malowo asungidwira mitengo.



"Ndiye kuyambira pamwalapo mpaka kudambo palibe womanga?" anafunsa apongozi.

"Palibe, amayi," ndinayankha. "Ngakhale ine amene."

"Chabwino, bambo. Khadi ndigula mawa. Kungoti malo amenewo ndi omwe ndinasungira inu ndi Naphiri kuti mumangepo nyumba yanjerwa. Basi, dzalanipo mitengo yanuyo."

Atcheyamani anaseka mpaka kutsokomola, mlandu n'kuthera pomwepo. Ndinadzalapo mitengo ya malaina, ndipo kunena zoona inakula bwino. Ife tinapitiriza kugona m'kanyumba kathu kaudzu, Naphiri akundikumbutsa za mpweya wabwino nthawi iliyonse denga likadontha.

Musanazike mwala wa boma pabwalo pa apongozi, yambani mwafunsa kuti malowo akusungira ndani.