Tsitsi la Mwana Wanga Likudikira Yankho Lanu

Kwa Bwana Mkonzi Wamkulu wa magazini ya anthu ofufuza,

Pepani kwambiri, bwana, kuti munthu ngati ine ndikudyereni nthawi. Ndine wometa tsitsi chabe, sukulu ndinalekezera kupulayimale, ndipo kalatayi ndailemba ndi kuing'amba kangapo poopa kukulakwirani. Ndikadakhala chete, koma mwana wanga wachisamba, amene amaphunzitsa kuyunivesite, ali ndi pepala lake kwa inu.

Nkhani yake ili motere. Atamaliza kafukufuku wake wa madzi a m'ngalande za m'tauni, anakutumizirani kuti musindikize. Tsiku lomwelo anabwera komwe ndimametera, ndinamumeta bwinobwino, ndipo podziyang'ana pagalasi analumbira kuti makina anga sadzamukhudzanso mpaka inu mutapereka yankho lomaliza. Ndinaseka. Ndinkayesa ndi nkhani ya milungu ingapo. Bwana, mvula yagwa, yatha, yagwanso. Ndevu zafika pathumba la malaya, ndipo ana a mlongo wake akamuona amabisala kuseri kwa sofa.

Iye akuti palibe chalakwika, akungotsatira malangizo amene munapereka pamsonkhano wa ofufuza ongoyamba kumene. Anawamata pachitseko cha bafa ndipo anandimasulira limodzilimodzi. Ndiloleni ndithokoze.

Choyamba, zikomo powaphunzitsa kudekha. Munati yankho likachedwa asamakuvutitseni ndi makalata. Mwana wanga wamvera. M'mawa uliwonse amatsegula laputopu, amaona mawu akuti pepalalo likuwunikidwabe, amatseka, n'kuweramitsa mutu. Mayi ake amayesa akupemphera, amadutsa monyang'ama.

Chachiwiri, munati pepala lisatumizidwe kwa akonzi awiri nthawi imodzi. Ulemu umenewu ndaumvetsa. Inenso sindikondwa munthu akayamba kumetedwa kwa ine n'kukamalizitsa kwina. Kungoti ine ndikamuveka munthu nsalu pakhosi, sindipita kutchuthi.

Chachitatu, ndikuthokozeni chifukwa cha owunika anu awiri osadziwika maina, amene anayankhako kamodzi chaka chatha. Woyamba anati pepalalo latalika, alidule. Wachiwiri anati lafupika, aliwonjezere, komanso atchulemo mabuku asanu ndi awiri, onse olembedwa ndi pulofesa mmodzi. Ndinagoma ndi chikondi cha mkulu ameneyu pa pulofesayo. Chikondi chotere ndimachiona kwa makasitomala amene amachedwa kuchoka pagalasi langa. Munalangizanso kuti owunika azithokozedwa pa ndemanga iliyonse. Mwana wanga anathokoza wodula, anathokoza wowonjezera, anadula, anawonjezera, n'kukubwezerani. Khalidweli lamulowa m'magazi. Dzulo basi inamuthira matope pathalauza, iye n'kuiweramira akuti, "Zikomo chifukwa cha ndemanga yothandizayi."

Chachinayi si chothokoza kwenikweni, koma ndachiika pamzere womwewu kuti chisaoneke chamwano. Mnzanga wokonza nsapato, amene timagawana naye khonde, akaona mwanayo akubwera amakuwa kuti, "Achimwene, bisani lumo, chitsamba chija chayamba kuyenda!" Makasitomala amandifunsa ngati ndimameta ana a eni okha. Wina nditamuuza kuti uyu ndi wanga wobereka ndekha, anavula nsalu pakhosi, n'kunena kuti waiwala chinthu kunyumba. Sanabwerenso.

Zimenezi ndingapirire, bwana, kusekedwa sikupha munthu. Chimene chandigwiritsa cholembera ndi ichi: komiti ya kuyunivesite ikukumana Lachisanu lomaliza la mwezi uno, ndipo anamuuza kuti akapanda kuonetsa kuti pepala lake lavomerezedwa, ntchito ithera pomwepo. Iye sadandaula. Amangosita malaya ake mosamala, ngati ntchitoyo ili m'kolala. Mayi ake asiya kumufunsa. Ine ndi amene ndimawonda.

Sindikukukakamizani kuvomera, ndine yani ine? Mwina madzi a m'ngalande si nkhani ya anthu aakulu. Mukakana, tidzalira, ndidzamumeta, ndipo akaima pamaso pa komitiyo akuoneka ngati munthu, akunena zoona kuti pepalalo alitumiza kwina. Mukavomera, ndiye sindikudziwa kuti ndidzagwada mbali iti. Chimene tikusowa ndi liwu limodzi, inde kapena ayi. Ndamva kuti ophunzira kwambiri mawu afupiafupi amawavuta, n'chifukwa chake ndakulemberani onse awiri kuti mungosankha.

Pempho langa ndi lakuti yankho lifike lisanakwane Lachinayi la sabata imeneyo. Tsitsi lotere silimeteka m'mawa umodzi, ndipo makina ndathira kale mafuta.

Pofuna kubweza ulemu, ndikukuitanani kuti mudzamete kwa ine mwaulere, motsatira malangizo anu omwe. Ndidzakumetani mbali imodzi ya mutu. Kenako ndidzaitana anthu awiri ovala matumba kumaso kuti adzaone, wina adzati ndichepetse, wina adzati ndibwezerepo, ndipo nonse awiri mudzawathokoza, inu ndi mutu wanu. Mukatero mudzapite kuofesi mukadekhe. Chonde musadzapite kwa wometa wina, ndipo musadzandivutitse ndi makalata.

Ine wanu wodzichepetsa, amene lumo lili kale m'manja,

Wometa wa pafupi ndi siteji ya basi,
bambo wake wa chitsamba chija