Tochi Yanga ya Kadontho Kofiira

Lolemba
Asiyatu wabwera kuchokera ku Ulaya ndi chimanga cha mayi ake. Tinali limodzi ku yunivesite. Iye anamaliza, ine ndinasiyira panjira poti aphunzitsi anali mbuli. Ulongwe yonse ikuti Dokotala, Dokotala. Kuno Profesa ndine, ndipo dzinali ndi limene likundidyetsa chaka cha njala chino: ndikafotokoza za kadamsana pakhomo pa munthu, mbale imabwera. Loweruka pamsika ndionetsa kuti zasayansi zakezo nanenso ndimazitha.

Lachiwiri
Ndikumufunsa za ntchito yake, mwamwano. Akuti maatomu awiri a haidirojeni akagwirana amanjenjemera ngati nsambo ya gitala. Limodzi likakhala la mtundu wolemera, kunjenjemerako kumachedwa. Amawaunika ndi kuwala kwa makina otchedwa leza, n'kumasintha kuwalako pang'onopang'ono mpaka maatomuwo atakumeza. Apo ndiye amadziwa liwiro la kunjenjemerako. Chopweteka n'chakuti wafotokoza bwino.

Lachitatu
Zofunika:
tochi ya leza ya pamakiyi (ilipo)
botolo
misomali ndi asidi wa batire, zopangira haidirojeni
chakudya (palibe)
Kadzutsa: mango aawisi owiritsa.

Lachinayi
Asidi waboola buluku langa lokhalo. Mpweya watuluka ndithu, koma wathawa. Ndikuunika botolo: kadontho kofiira pakhoma, basi. Nkhuku ya aneba ikukajompha.

Lachisanu
Ndikukamuzonda Asiyatu. Ndikumupeza akusenda nyika, mizu ya m'madzi yodya pa njala ija, ndi mayi ake, manja bii. Akuti muyeso umodzi unamudyera chaka chathunthu, kenako anatulukira kuti kalilole wa makinawo amasuntha munthu akamenyetsa chitseko. Anayambiranso. Ndipo akuseka pofotokoza! Ine ndikanaotcha nyumbayo.

Loweruka
Anthu adzaza, mabatire a tochi afa. Che Saidi, msodzi wa ku nyanja ya Chiuta: "A Profesa, ingotiunikani ndi maso." Asiyatu akuimirira: "Achimwene awa apanga haidirojeni ndi misomali. Ine wanga amachita kundigulira." Akuti ndifotokoze ineyo za nsambo ija, iye n'kumavomera ndi mutu. Akanandinyoza ndikanadziwa chochita.

Lamulungu
Wapita. Dzina latsala, koma tsopano akuti "Profesa wa Asiyatu". Kwa Che Saidi andiitana, kuli matemba, ndikafotokoze ntchito ya mtsikanayo. Za ine palibe wafunsa. Ndikupita, ndipo ndikafotokoza mosaphonya, poti ntchitoyo ndi yokongola ndipo ine ndili ndi njala.