Chiboliboli cha a Mirajkar Chagwira Bati Kumanja

Kwa Wapampando,
Komiti ya Zikumbutso,
Kalabu ya Kiriketi ya Golden Willow,
Ilford.

Olemekezeka Bwana Wapampando,

Ndagwada, ndawomba m'manja, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire polowerera nkhani za akuluakulu. Ine ndine Etta Kaphamtengo, mayi uja ndinkakankha njinga ya odwala ya a Keshav Mirajkar Loweruka lija munkavundukula chiboliboli chawo. Mwina simungandikumbuke, poti pa chithunzi chimene munaika pa intaneti panatsala chigongono changa chokha. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. A Mirajkar ndakhala nawo miyezi isanu ndi inayi chiwagwirireni sitiroko: kuwasambitsa, kuwameta, kuwamwetsa mankhwala, ndi kumvetsera nkhani zawo za kiriketi, zomwe n'zazitali kuposa masewero enieniwo.

Ndakulemberani katatu m'Chingerezi, ndipo katatu konse kompyuta yanu yandithokoza mwaulemu chifukwa cholemba. Kenako ndakumbukira kuti tsiku lija munandilonjera m'Chichewa chokoma, n'kundiuza kuti munabadwira ku Limbe ndipo mtima wanu unatsala komweko. Ndiye ndati ndilembere mtimawo, mwina uli ndi mpata wowerenga makalata.

Choyamba, zikomo chifukwa cha chiboliboli. N'chachikulu, n'chamkuwa, chikunyezimira ngati poto watsopano. Mphuno mwaitha. Ndevu zapamlomo mwazitha. Ngakhale mimba mwawachotsera, zimene ine ndalephera ndi supu wa masamba. Pali kanthu kamodzi kokha, kakang'ono, koti munthu wophunzira sangakuvutitseni nako: a Mirajkar anali amanzere. Moyo wawo wonse ankamenya mpira ataima chamanzere. Chiboliboli chanu chaima chakumanja, chagwira bati, thabwa lija amamenyera mpira, ngati munthu wina amene ife sitikumudziwa.

Ndikuvomera kuti ine kiriketi sindiidziwa. Kwathu ku Mchinji masewero amayamba masana n'kutha dzuwa lisanalowe, wopambana n'kudziwika. Awa anu amatha masiku asanu, osewera amapita kukamwa tiyi pakati, ndipo pamapeto mumatha kugwirana chanza popanda wogonja. Mutu wanga sugwira. Koma ngakhale mbuli ngati ine imadziwa dzanja limene munthu amakandira pamsana.

Ndiloleni ndikukumbutseni mbiri ya munthu amene mwamulemekezayu, ngakhale ndikudziwa kuti mumaidziwa kuposa eni ake. Anakulira m'kanyumba ka m'mbali mwa njanji ku India, bambo awo akugulitsa tiyi pa siteshoni. Bati lawo loyamba linali thabwa lozula ku bokosi la sopo. Kusukulu anakumana ndi mphunzitsi amene ankakhulupirira kuti dzanja lamanzere ndi la kuchimbudzi basi, ndipo ankawamangirira dzanjalo ku benchi ndi chingwe kuyambira m'mawa mpaka belu lotulukira. Zaka zitatu. Belu likalira, mwanayo ankathamangira kuseri kwa njanji, dzanja litatupa, n'kukagwira thabwa lake momwe Mulungu anamulengera.

Dzanja lomwelo ndi limene linadzawakweza ndege. Anafika ku England kuno koyamba ali ndi zaka makumi awiri, atavala majuzi atatu, mano akugundana ndi chisanu. Azibambo a ku Ilford ndi ku Wembley amati tsiku lina anamenya mpira masiku awiri osatulutsidwa, chala chimodzi chili chothyoka, oponya mpira akusinthana mpaka kuyamba kulozana zala okhaokha. Amati m'mafakitale ena anthu anadwala onse tsiku limodzi, n'kukachirira ku bwalo. Mpaka lero tikamadutsa pa High Road, madalaivala a basi amaimba hutala, eni mashopu amatuluka kudzawagwira mapazi, ulendo wa ku famase wa mphindi khumi umatha maola awiri. Onsewa amawatchula dzina limodzi m'chinenero chawo, ndipo nditafunsa tanthauzo anandiuza kuti ndi “Wamanzere uja”. Dzinali linalembedwanso pa timapepala toitanira anthu timene munasindikiza inu nomwe.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kafukufuku. Ndamva kuti komiti yanu, azibambo asanu ndi awiri, onse a magalasi, inakhala misonkhano khumi ndi iwiri kusankha chithunzi chotumiza kwa wosula. Munasankha cha m'magazini yakale chimene osindikiza anachitembenuza molakwitsa. Chithunzicho ndachiona, chapachikidwa m'holo mwanu momwemo. Kumbuyo kwa a Mirajkar kuli chikwangwani chotsatsa malonda, ndipo zilembo zake zonse zayang'ana chammbuyo. Ine ndinaziona ndili pamzere wa masamusa. Koma ndikumvetsa, anthu otanganidwa ndi zinthu zikuluzikulu sawerenga zikwangwani.

Ndithokozenso kuti simunawavutitse eni ake ndi mafunso. Amakhala misewu inayi kuchokera pa kalabu yanu, masiteji awiri a basi, ndipo m'mawa uliwonse amakhala pa windo kudikira woti acheze naye. Mukanangogogoda, bwenzi atakuonetsani zithunzi zodzaza sutikesi, n'kukumwetsani tiyi wa jinja mpaka kukhuta. Koma munafuna kuti adzadzidzimuke. Pamenepo mwakhoza, Bwana Wapampando. Anadzidzimukadi.

Chachitatu ndi mawu anu a tsiku lija. Munalankhula ola lathunthu ndi mphindi zingapo, n'kunena kuti munayamba kuonera a Mirajkar mukadali pamwendo pa bambo anu, ndipo palibe kamenyedwe kawo kamene simukadziwa ngakhale mutatsinzina. Ndikukhulupirira. Zikuoneka kuti munkatsinzinadi. Ife munatikhazika pakona, kuseri kwa sipika, pomwe mkuluyo sakanatchinga makamera. Nsalu itagwa, achinyamata anawomba m'manja, koma madala a kumbuyo anangoyang'anana. Nditakunong'onezani pambuyo pake, munandisisita phewa n'kunena kuti, “Mayi, musadandaule, manja onse ndi ake omwe.” Nzeru zimenezi ndazisinkhasinkha sabata ziwiri, ndipo ndikuona kuti ku Limbe kunali sukulu zabwino.

Tsopano ndinene chimene simunachione, poti chinali pansi pa bulangeti. Sitiroko ija inawapha mbali yamanzere. Dzanja limene linadzaza mabwalo linkangolendewera ngati sokosi yonyowa. Kuyambira tsiku limene kalata yanu inafika yonena za mwambowu, mkuluyu anayamba kulimbana nalo. Effie, mayi wa mafizo amene amabwera Lachinayi lililonse, mwana wa ku Zimbabwe koma agogo ake ndi a ku Dedza, ankawapinda zala chimodzichimodzi, iwo akutuluka thukuta, nthawi zina misozi. Masiku ena onsewo ndinkawachititsa ndine. Miyezi isanu, Bwana. Zala zitatu zinayamba kumvera. Cholinga chawo chinali choti nsalu ikagwa, atulutse bati lawo lakale pansi pa bulangeti, alikweze ndi dzanja lamanzere pamaso pa anthu onse. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale mwana wawo.

Nsalu itagwa anandipempha magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako ananena motsitsa kuti zimene mphunzitsi uja analephera ndi chingwe, anthu awa akwanitsa ndi mkuwa. Bati silinatuluke. Anangoti ndiwabweze kunyumba, ndipo keke yanu ija ya maonekedwe a bwalo munadya tili pa basi.

Izi zinandiwawa, ndipo sindibisa. Inenso ndinabadwa wamanzere. Azakhali anga ankandigogoda timafupa ta zala ndi supuni ndikatambasula dzanjalo kulandira chinthu, mpaka ndinaphunzira kulibisa. Kalata ino ndikulemba ndi dzanja lamanja, n'chifukwa chake zilembo zikuyenda ngati zaledzera. Ine anandigonjetsa ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mkuluyu sanagonje zaka makumi asanu ndi atatu, kufikira komiti yanu itamukonda.

Chibwerereni ku mwambo uja, dzanjalo analiika m'thumba la gauni ndipo safuna kulitulutsa. Effie wabwera kawiri, kawiri konse wabwerera pakhomo. Mkuluyu amati n'kuvutikiranji ndi dzanja limene ngakhale chiboliboli chalikana. Zala zija zayamba kuumanso, ndimaziona ndikamawasambitsa. Lachinayi lapitali Effie anandikokera pa khonde n'kundiuza kuti, “Sisi, mdalayu akakananso next week, ma session ndi closed. Waiting list ndi yaitali, ine I can't do anything.” Akachotsedwa pa mndandandawo, dzanjalo lapita, silidzabweranso.

Ndikudziwa kuti mkuwa si dongo loti mungaliumbenso ndi madzi. Ndikudziwanso kuti kukonza chiboliboli kungafune misonkhano ina khumi ndi iwiri, ndipo ife tili ndi masiku asanu okha. Choncho sindikupempha kuti musungunule kalikonse. Sindikupemphanso kuti mupepese, poti ndaona kuti mawu amenewo kompyuta yanu ilibe.

Pempho langa n'laling'ono, la munthu wamba. Mu shopu ya katundu wakale pa High Road muli kalilole wamkulu wa wadirobu, wotalika kuposa munthu. Ndalankhula nawo eni ake, ndipo atamva kuti ndi za Wamanzere uja anati ndingomutenga. Ndidzanyamula ndekha, sindidzavutitsa aliyense wa magalasi. Mungondilola kuti Lachitatu masana ndidzamuimike patsogolo pa chiboliboli chanu, ndibweretse a Mirajkar, ndiwatembenuzire njinga ku kaliloleyo. Mmenemo adzaona mnyamata wamkuwa ataima chamanzere, monga ankaimira kuseri kwa njanji. Sindikulonjeza kuti dzanja lidzatuluka m'thumba, koma mkuluyu ndimamudziwa, sangapirire kuona bati litagwidwa bwino iye manja ali lende.

Ndikupemphanso modzichepetsa kuti inu ndi komiti yonse mudzabwere, mutavala mataye anu aja. Simudzafunika kulankhula. Mudzangoima pambali pa chiboliboli, n'kuyang'ana mu kaliloleyo limodzi nafe. Mudzaona a Mirajkar enieni koyamba m'moyo wanu, ndipo pambali pawo mudzaona bwinobwino anthu asanu ndi awiri amene anawatembenuza.

Ndatha ine wanu wamng'ono, wosadziwa kiriketi,

Etta Kaphamtengo (Mayi),
Wokankha njinga,
Ilford.