Buku Limene Tiyamike Anasiya

Lolemba

Tiyamike akubwera Lamulungu kuchokera ku yunivesite. Ndili ndi masiku asanu ndi limodzi.

Holide yathayi ndinamufunsa zimene akuphunzira kumeneko. Anangomwetulira mwaulemu: "Ndi zovuta kufotokoza, ababa." Ine! Munthu amene ndaphunzitsa sitandade 3 kuno ku Balaka mpaka kupuma ntchito, amene ndinamugwira dzanja polemba a, e, i, o, u. Mawuwo akundiwawabe.

Mwamwayi anasiya buku lake pamwamba pa kabati. Bayokemisitiri. Kulemera ngati njerwa ziwiri. Tsamba loyamba likuti ndi phunziro la zimene zimachitika m'kati mwa chamoyo kuti chikhalebe chamoyo. Basi? Nanga chovuta n'chiyani?

Dongosolo: mutu umodzi patsiku. Lamulungu tidzacheze ngati anthu awiri ophunzira.

Zida:
– magalasi
– kope latsopano
– dikishonale
– mpando wa pakhonde

Mutu woyamba ndi madzi. Madzi ndimawadziwa! Ndatunga, ndamwa, Shire ndamuwoloka pa Liwonde kosawerengeka. Koma bukuli likuti kachidutswa kalikonse ka madzi kali ndi mbali ziwiri ngati batire, n'chifukwa chake mchere umasungunuka koma mafuta ayi. Masamba makumi atatu a madzi okhaokha. Ndawerenga anayi.

Lachiwiri

Madzi ndawadumpha. Lero shuga.

Kani shuga ali ndi abale! Gulukosi, fulakitosi, sukulosi, onse a mtundu umodzi. Ndipo ufa wa chimanga ndi unyolo wautali wa gulukosi umene thupi limaduladula tikadya.

Ndikuthamangira kukhitchini kwa mayi ake Tiya, amene amandipimira shuga wa mu tiyi chichenjezereni adokotala. Ndikuwafotokozera bwinobwino kuti phala limene amandipatsa m'mawa ndi shuga yekhayekha, ndiye kasupuni kamodzi kowonjezera kalakwanji?

"Zikomo potiuza, bambo. Poti shuga ali kale m'phalamo, tiyi muzimwa wopanda."

Maphunziro andiwonongera tiyi!

Lachitatu

Mapuloteni. Nyama, nyemba, dzira, ngakhale tsitsi langa lotsalali. Onse amamangidwa ndi tinjerwa ta mitundu makumi awiri totchedwa amino asidi. Mayina ake ayenera kulowezedwa.

Kuloweza ndiye ntchito yanga. Ndawaika m'nyimbo, monga mmene ndinkaimbitsira ana pophunzira kuchulukitsa manambala. Ndikuzungulira mtengo wa mango, buku m'manja, mawu okweza.

Che Amidu, mnansi wathu wogulitsa nsomba zouma za ku nyanja ya Chiuta, asuzumira pa mpanda: "Aphunzitsi, kodi Chilatini chabwereranso ku tchalitchi kwanu?"

Pofika madzulo m'mutu mwatsala atatu: Gilaisini, Alanini, Valini. Ndipo ndikukayika, mwina Valini ndi mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa kalekale.

Lachinayi

Maenzaimu! Awa ndawakonda. Ndi mapuloteni amene amafulumizitsa ntchito m'thupi koma iwo eni satha. Ngati mphunzitsi.

Bukuli likuti m'malovu muli enzaimu yodula ufa kukhala shuga. Ukatafuna nthawi yaitali osameza, chakudya chimayamba kutsekemera. Ndakhala pakhonde ndi chinangwa chophika, kutafuna, kutafuna, kutafuna. Akudutsa amayi atatu a kumphakati, akundipatsa moni. Ndiyankha bwanji? Ndangokweza dzanja, tsaya lili tuu.

Zotsatira:
– chinangwa chatsekemeradi, pang'ono
– mbiri yafika mpaka kumsika kuti Aphunzitsi atupa tsaya
– Che Amidu abweretsa muzu wa mankhwala a dzino

Ndikufotokozera mayi ake Tiya zonsezi. Iwo akuti chimera chimatsekemeretsa thobwa chimodzimodzi, ndipo nyama yolimba amaikulunga m'masamba a papaya kuti ifewe. Ndayang'ana m'buku. Zoona, zonse ziwiri ndi maenzaimu.

"Ngati za ku yunivesite ndi zimenezo, ine ndinamaliza kale. Sunthani, ndikufuna kusesa."

Lachisanu

Gilaikolisisi: mmene thupi limaphwanyira gulukosi kuti lipeze mphamvu. Masitepe khumi. Mphamvuyo ili m'kanthu kotchedwa ATP. Umataya tiwiri poyamba kuti upeze tinayi pamapeto. Ngati kubzala. Mpaka apo ndikumva.

Mayina a masitepewo ndiye iyayi. Lina ndi lalitali kuposa sitima ya katundu.

Kope lachepa, ndajambula ndi makala pasimenti ya khonde, mivi ndi mabokosi. Ndafika sitepe yachinayi. Ndalowa m'nyumba kukamwa madzi. Potuluka, khonde lili mbee, mayi ake Tiya akufinya chikolopa.

"Mwana akubwera mkuja, afikire pa makala?"

Chilungamo chake, ngakhale asanakolope sindimadziwa kumene miviyo imapita.

Loweruka

Dongosolo lasintha. Sindikufunanso kucheza ngati anthu awiri ophunzira. Funso limodzi lokha, lanzeru, lakwana. Ndasankha ili: "Kodi n'zoona kuti maenzaimu amasiya kugwira ntchito akatenthedwa kwambiri?" Ndaliyeserera pa Che Amidu kasanu. Iwo akuti ngakhale munthu amatero mwezi wa Okutobala.

Ndatsegulabe mutu wa lero, kungowona. Chithunzi chozungulira ngati gudumu la njinga, mayina mbali zonse. M'mphepete muli zolemba za pensulo, dzanja la Tiyamike. Ndikulidziwa, g wake mpaka lero amapendama.

Pamwamba: "Sindikumva kanthu."
Pakati: "Ambuye ndithandizeni."
Pansi penipeni: "Ndiziyimba ngati mmene ankatiimbitsira ababa."

Ndatseka buku. Magalasi achita nkhungu. Kunjaku kuli fumbi lambiri masiku ano.

Lamulungu

Tiyamike wafika masana pa kabaza, chikwama pamiyendo. Waonda. Mayi ake ayamba kale kumukalipira za kudya.

Ine ndaimirira pakhonde, malaya ochita kusita, funso lili chile. Watsika, wagwada, wandipatsa moni. Ndatsegula pakamwa, ndipo chatuluka ndi ichi: "Mwananga, maenzaimu ako ali bwanji?"

Waseka mpaka kukhala pa chikwama. Kenako waona buku pampando, waona kope langa, wasiya kuseka.

"Ababa, phunziro limeneli linatsala pang'ono kundigwetsa chaka chatha. Ndinkaopa kukuuzani."

Kani kuvuta kufotokoza kunali kumeneko.

Titadya wakhala nane pamkeka, watsegula kope langa, wakonza zolakwa ndi pensulo, wayamba kufotokoza gudumu lija. Manja m'mwamba, maso kuwala, ola lathunthu. Ine kungogwedeza mutu.

"Mwamva, ababa?"

"Ndamva mawu ako."

Pakati pa sitepe ina mawu ayamba kuchepa. Tsopano wagona, mutu watsamira mkono wanga wamanja. Mayi ake andiloza chala kuti ndisayerekeze kusuntha, ndiye ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Bayokemisitiri yandikanika, ndavomera. Mkono wachita dzanzi. Chimene chimachititsa dzanzi chiyenera kuti chilimo m'bukumo, koma sindikachifuna. Mwana agone.